Majezi Awiri a Dafuleni

Popeza magetsi athima mpira uli pakati, ndipo inu mwayamba kale kukangana za timu imene musamukireko ligi ikatha, senderani kuno ndikuuzeni kumene unachokera mwambi uja wa mapanga. Iwe wa kapusi, usandiuze kuti mwambiwo ndi wakale kuposa mpira. Unaliko? Khala pansi. Chiyambi chake n'chotere.

M'tauni muno munali mnyamata wina wowotcherera zitsulo, dzina lake Dafuleni. Ntchito ankaidziwa, mowa sankamwa, ndipo mageti amene anawotcherera mpaka lero sanagwe. Matenda ake anali amodzi okha, timu ya Mavu, ija yovala zachikasu. Ine ndine wa Njati, wa zobiriwira, ndipo ndidzafa ndili wa Njati, koma chilungamo ndinena: mnyamata uja timu yake ankaikonda. Mavu anali asanatengepo ligi chibadwire iye, komabe kusitediyamu sankajomba, ngakhale kwa aneba kugwe maliro.

Sitediyamu ya masiku amenewo inali ndi mashedi awiri okha oyang'anizana, ya Mavu kum'mawa, ya Njati kumadzulo. Madenga ake anali aafupi, mkati muli mdima ndi fungo la thukuta, moti anthu ankangowatchula kuti mapanga. Kuphanga la Mavu Dafuleni anali munthu wamkulu. Chaka chimenecho, pa masewero oyamba a ligi, anangoyambitsa nyimbo ataima pafupi ndi ng'oma, Mavu n'kupambana. Sabata yotsatira anayambitsanso, n'kupambananso. Basi, masapota anagamula kuti mwayi wa timu uli pakhosi pa Dafuleni. Mpira ukamayamba, komanso osewera akamachokera kopumulira, ng'oma sinkalira mpaka iye atatsegula pakamwa. Woimba ng'omayo, Yotamu, mnzake wa paubwana, ankamuletsa ngakhale kumwa madzi ozizira.

Tsono Dafuleni anakonda mtsikana wina wosoka zovala, dzina lake Esinala. Mtsikanayu anali wamasiye. Analeredwa ndi amalume ake, a Sagawa, ndipo mawu omaliza pa ukwati wake anali a iwowo. Tsiku lokaonekera, Dafuleni atangolowa pabalaza anaona zobiriwira zokhazokha. Khoma lobiriwira, makatani obiriwira, nsalu ya patebulo yobiriwira, pamwamba pa kabati chithunzi cha njati itaweramitsa nyanga. A Sagawa anali wapampando wa masapota a Njati.

Atatha malonje, mkuluyo anafunsa za kwawo, za mpingo ndi za ntchito. Kenako anatsamira mpando.

"Nanga mpira mumaonera, achimwene?"

"Pang'ono, bambo."

"Timu yanji?"

Palibe anamugwira pakhosi, ndipo patebulo panalibe chikwanje. Koma Dafuleni anayang'ana khoma, anayang'ana makatani, pakamwa n'kuyankha pokha.

"Njati, bambo. Kuyambira ndili mwana."

Kuseri kwa katani la kukhitchini kunamveka munthu akutsokomola. A Sagawa anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali ndithu.

"Ndiye zakhala bwino," anatero. "Lamlungu likubwerali tikutseka ligi ndi Mavu. Mukakhale pambali panga. Ankhoswe anu abwere Lolemba, ndidzawayankha nditaona mmene mumachemerera."

Anatsegula kabati n'kumupatsa jezi yobiriwira, yatsopano, ikununkhirabe kusitolo.

Esinala pomuperekeza sanadikire kuti afike pamsewu.

"Mwanamiranji?"

"Sunalione khoma lija?"

"Khoma silikwatitsa munthu. Bwererani pompano mukawauze zoona. Panyumba paja pali nkhani imene inu simukuidziwa. Mayi aja anatsokomola kukhitchini aja..."

"Iwe Esinala, za singano ndimakusiyira. Za mpira undisiyire ine."

Mtsikanayo anaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino. Koma Lamlungu muvale jezi imodzi."

Mumvetse mmene ligi inalili. Njati zinali patsogolo ndi pointi imodzi, moti kwa ife kungofanana mphamvu kunali kokwanira kutenga chikho. Mavu ankayenera kupambana basi. Tauni yonse sinkalankhula china, ndipo m'maminibasi anthu ankayamba afunsana timu asanakhale mpando umodzi. Dafuleni anayesa kumuuza Yotamu kuti mwina Lamlungu apita kumudzi kukazonda matenda.

"Wodwalayo adikire," anatero Yotamu. "Aise, ngakhale umwalire iweyo, tikunyamula ndi bokosi lomwe ukatiyambitsire nyimbo."

Apa ndi pamene Dafuleni anadziyesa wanzeru. Nyimbo inkafunika kawiri kokha, poyamba mpira ndi pochokera kopumulira. Kuseri kwa golo ya kumpoto kunali kanjira kodutsa pazimbudzi, kolumikiza mapanga awiriwo. Ndiye chovuta n'chiyani? Avala majezi onse awiri, ina pamwamba ina mkati. Ayambitsa nyimbo kwa Mavu, athamangira kuchimbudzi, asinthanitsa majezi, akakhala pambali pa a Sagawa. Lolemba mkazi ndi wake, mwinanso chikho n'cha Mavu. Anadziseka yekha ndi kukoma kwa nzeruyo.

Chimodzi sanachiganizire bwino. Inu a masiku ano mumaseka, koma nthawi imeneyo munthu wochoka kuphanga lina kupita kulinzake mpira uli mkati sankamuyesa wosochera. Ankati wanyamula mankhwala, kapena waba mwayi wa timu kukaugulitsa tsidya linalo, ndipo anthu otero ankatuluka m'sitediyamu atanyamulidwa.

Lamlungu kunacha ndi dzuwa lija la mu Disembala, lowotcha mvula ikamakonzeka. Pageti ankapapasa aliyense, matumba ndi masokosi omwe, kufuna zithumwa. Dafuleni anafika yachikasu ili pamwamba, thukuta lili kamukamu. Mnyamata wina wa pageti atatambasula manja, mkulu wake anamumenya padzanja.

"Ameneyu usamukhudze, ungamuchotse mwayi."

Muphanga la Mavu munalibe poponda. Osewera atalowa m'bwalo, Yotamu anakweza ndodo za ng'oma n'kudikira, anthu onse zii. Dafuleni anakoka mpweya n'kuiponya nyimbo ija, "Aluma, aluma, wathawa ndani?" Phanga lonse linayankha mpaka denga kunjenjemera. Wezulo itangolira, iye anagwira pamimba.

"Yotamu, m'mimba mwandipotokola."

"Lero? Mwa masiku onse?"

"Ndi usipa wa dzulo."

"Thamanga, ubwere msanga."

M'chimbudzi anasinthanitsa majezi, yobiriwira pamwamba. Anadutsa kanjira kaja ataweramitsa mutu n'kulowa m'phanga la Njati, malo amene chibadwire anali asanapondemo. A Sagawa anali pamzere wapakati, atamusungira malo ndi nyuzipepala yopinda. M'khosi mwawo munali magalasi aja oonera patali.

"Mwachedwa, achimwene."

"Minibasi, bambo."

"Mawu anu asasa. Mumaimba kwinakwake?"

"Kutchalitchi, bambo. Kwaya."

"Ndi bwino kutamanda Mulungu," anatero a Sagawa, maso ali kubwalo.

Mpira unali wa nkhondo. Pakati pa chigawo choyamba kamnyamata kena ka Mavu, kowonda ngati bango, kanalanda mpira pakati, kanadutsa otchinga kumbuyo athu awiri, n'kuukankhira pakona ya golo. Ukonde unagwedezeka. Phanga lonse la Njati linangoti chete.

Pakamwa pamatha kunama, koma miyendo sidziwa bodza. Dafuleni anazindikira ali chiimire, manja ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa, yekhayekha pakati pa anthu okhala pansi. Mitu inayamba kutembenuka, mzere ndi mzere. Chimwemwe chinali chitafika kale pakhosi, ndipo chinkayenera kutuluka ndithu.

"Ofusayidi!" anakuwa. "Woyimbira ameneyu wagulidwa! Ofusayidi!"

Phanga lonse linadzuka n'kuyamba kutukwana woyimbira. Kumbuyo kwake kunali bambo wina wandevu, wa dzanja ngati fosholo, amene anamumenya pamsana mpaka kutsokomola.

"Uyu ndiye wa Njati weniweni. Ife tonse tinagona."

A Sagawa anangopukuta magalasi awo ndi mpango.

Posakhalitsa Njati zinabwera ndi ukali. Wosewera kutsogolo wathu anaumenya wamphamvu, goloboyi wa Mavu ali pansi, ndipo amuna onse m'phangamo anadzuka atagwira m'munsi mwa majezi awo. Mpira unamenya chitsulo n'kubwerera. Anthu anabuula n'kukhala pansi, koma Dafuleni anakumbukira chimene mwana aliyense m'tauni muno ankachidziwa. Njati zikagoletsa, mwamuna aliyense amavula jezi n'kuizunguza m'mwamba, ndipo wosavula ndiye mfiti ya timu. Zaka zonsezi ankazionera ali tsidya linalo akutukwana, koma pokonza nzeru zake zija anaziiwala.

Kuyambira pamenepo mpira uliwonse wopita kugolo ya Mavu unkadutsa pamtima pake. Kona ikabwera ankatsinzina. Pakamwa pankati "Tiyeni Njati," mumtima akupempha Mulungu kuti athyole mwendo wa aliyense wovala zobiriwira. Majezi awiri aja anamumatirira pathupi.

"Thukuta lakuchulukirani," anatero a Sagawa motsitsa mawu. "Palibe chimene mukufuna kundiuza, achimwene?"

Khomo linatseguka pamenepo, ana inu. Akanangoti, "Bambo, ndinanama," nkhani ino bwenzi ilibe mwambi.

"Palibe, bambo. N'chikondi cha timu basi."

Wezulo yopumulira italira, anagwiranso pamimba, napepesa, n'kuthamanga. Anafika kwa Mavu yachikasu ili pamwamba, osewera akubwerera kale m'bwalo. Yotamu anamukumbatira.

"Waona ntchito ya khosi lako? Yambitsa, aise, yambitsa."

Anayambitsa, phanga linayankha, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse. Mayi wina wa duku lachikasu amene anakhala mzere wa pamwamba pake anawerama n'kumugwira paphewa.

"Mwaimba bwino, bambo. Koma musachokenso. Malo anu ndi ano."

Yotamu naye anali ndi maganizo omwewo. Anamukhazika pakati pa ng'oma ndi chipilala, mwendo wake n'kuupingasa kutsogolo. Dafuleni atayang'ana tsidya la bwalo anaona kampata pamzere wapakati, pomwe panali nyuzipepala yopinda. Pambali pa kampatako magalasi oonera patali sankatsata mpira. Ankayenda pang'onopang'ono m'phanga la Mavu, mzere ndi mzere. Dafuleni anabisa mutu kuseri kwa ng'oma.

Kum'mwera mitambo inali itada bii. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala m'bwalo, ndipo bingu loyamba linagunda patali. Nthawi inkapita, kampata kaja kali pomwepo, ndipo iye ankadziwa kuti kakakhala choncho mpaka mpira kutha, ankhoswe ake Lolemba akangomwa tiyi n'kubwerera.

"Yotamu, ndisiye ndipite."

"Sukuchoka. Tikutsogola."

"Ndiye ndiwonongera pompano, pafupi ndi ng'oma yakoyi."

Yotamu anachotsa mwendo. Koma poti anali mnzake weniweni, mtima sunamukhale. Anasiyira wina ndodo, n'kumutsatira ndi botolo la madzi kuti mnzakeyo angakomoke panjira.

Kuchimbudzi kunali mzere wautali, choncho Dafuleni anazembera kuseri kwa khoma n'kuvula majezi onse awiri. Anaima chifuwa chili pamtunda, yachikasu kudzanja ili, yobiriwira kudzanja linalo. Mpanda wa sitediyamu unali pomwepo. Kungoiponya yachikasuyo kunja, basi, akanakakhala pambali pa a Sagawa mtima uli m'malo, Njati zigoletse kaya zisagoletse. Anamva mawu a Esinala m'khutu. Anakweza dzanja kuti aiponye.

Koma Mavu ankatsogola. Chikho chimene bambo ake, amene analinso a Mavu, anamwalira asanachione chinali pafupi. Ndipo choseketsa n'chakuti nkhani ija ya mwayi, imene poyamba ankaiseka, tsopano iye mwini ankaikhulupirira kuposa Yotamu. Jezi yachikasu ikachoka pakhungu lake, mwayi uchoka nawo. Anatsitsa dzanja. Anavala yachikasu, yobiriwira pamwamba, n'kudziuza kuti Njati sizigoletsa lero.

"Dafuleni?"

Anatembenuka. Yotamu anali ataima pakona ya khoma, botolo lili m'manja. Sanakalipe. Ankangoyang'ana jezi yobiriwirayo ngati munthu amene wapeza njoka m'nsapato yake.

"Ndikufotokozera madzulo, aise," anatero Dafuleni, n'kuliyatsa liwiro.

Anafika kwa a Sagawa akupuma ngati galu.

"M'mimba mwakhala bwanji?"

"Mwayamba kukhazikika, bambo."

"Tsidya lija ndinaona munthu wofanana nanu."

"Anthu amafanana, bambo."

Asanakhazikike n'komwe, Njati zinapeza kona. Mpira unabwera mokhota, goloboyi anatuluka n'kuuphonya, ndipo wotchinga kumbuyo wathu wamtali uja anaugunda ndi mutu. Ine ndinali m'phanga limenelo, ndipo phokoso lake ndimalimvabe. Majezi anauluka m'mwamba. Mimba zazikulu, nthiti zowerengeka, zipsera za maopaleshoni, zonse zinali pamtunda. A Sagawa omwe, ndi ukulu wawo wonse, anavula.

Dafuleni ankadumphadumpha pang'ono, manja onse awiri atakanikiza jezi m'chiuno.

"Vula, mwana wa Njati!" anakuwa wandevu uja.

"Ndili ndi zipere, bambo."

"Zipere tonse tili nazo!"

Dzanja la fosholo lija linagwira kukhosi kwa jezi n'kukoka kamodzi. Yobiriwira inatuluka ngati khungu la mbuzi. Pakati pa zifuwa zonse zija panatsala kadontho kamodzi kachikasu, kowala moti ngakhale a tsidya linalo anakaona.

Chete anayambira pamzere wawo n'kufalikira m'phanga lonse. Kenako wina kumwamba anakuwa kuti, "Wamankhwala!" Chisononkho cha chimanga chinamupeza pakhutu, botolo linasweka pachipilala, ndipo wandevu uja, amene posachedwapa ankamutcha weniweni, anali atamugwira kale pakhosi. Dafuleni anaona kuti imfa yake yafika, ndipo yamupeza atavala bwino zachikasu.

A Sagawa anaimirira, chifuwa cha imvi chili pamtunda, n'kukweza dzanja.

"Munthu uyu wabwera ndi ine. Womukhudza wakhudza ine. Mutsegulireni njira."

Anthu anang'ung'udza, koma njira inatseguka. Mkuluyo anatola jezi yobiriwira ija pansi n'kumupatsira m'manja, osamuyang'ana kumaso.

"Pitani kwanu, achimwene."

Anathamangira kwawoko. Pakhomo la phanga la Mavu anapeza Yotamu ataima ndi anyamata ena amphamvu, ndipo nkhani inali itafika kale mzere uliwonse.

"Yotamu, tamvera..."

"Ndakuona ndi maso angawa," anatero Yotamu. "Wangokhala pansi kumene kuja, ife tamwa chigoli. Wautenga mwayi wathu wakawapatsa. Anakupatsa chiyani?"

"Ndi nkhani ya mkazi, aise."

"Ndiye pita akakuimbire ng'oma mkaziyo."

Anamukankha, ena anayamba kuvula malamba, ndipo apolisi awiri poona kuti pafa munthu anamunyamula m'khwapa, miyendo ili lendelende, n'kukamuponya kunja kwa geti. Loko analira kumbuyo kwake. Dontho loyamba la mvula linamugwera pamphuno.

Mvula imene inagwa tsiku limenelo, akuluakulu amaikumbukirabe. Kunja kwa sitediyamu kunalibe mtengo, khoma linalibe khonde, ndipo ogulitsa chimanga anali atathawa kale ndi mbaula zawo. Dafuleni anafunda jezi yobiriwira kumutu, koma inanyowa nthawi yomweyo. Madzi ankalowa kukhosi n'kutulukira m'nsapato. Mkatimo anthu onse anali pouma, a kum'mawa ndi a kumadzulo omwe, ndipo chimene chinamupweteka kuposa kuzizira n'chakuti anamva ng'oma ya Yotamu ikuliranso, nyimbo yake ija atayambitsa munthu wina.

Mpira uli pafupi kutha, sitediyamu inaphulika ndi phokoso. Chigoli. Koma mvula inkalira pamalata, mabingu ali pamwamba, moti sankatha kudziwa kuti phokosolo likuchokera phanga liti. Anathamangira kum'mawa kwa khoma n'kutchera khutu, anabwerera kumadzulo, anaterereka n'kugwa m'matope. Potsiriza anakagogoda pageti n'kuika diso pakabowo.

"Bwana, chonde, wagoletsa ndani?"

Wapolisi amene anabisala pansi pa kadenga ka mkati anamuyang'ana kudzera pakabowo pomwepo.

"Iweyo ukufuna agoletse ndani?"

Dafuleni anachotsa diso pakabowo n'kubwerera mumvula.

Mvula inakata pamene wezulo yomaliza inkalira. Mageti atatseguka, panatuluka mtsinje wa zachikasu, akuvina, akulira, atanyamulana pamapewa. Zimandiwawa kunena, koma Mavu anatenga ligi tsiku limenelo, ndi chigoli cha kumapeto chimene mpaka lero ndimati chinali cha dzanja. Chikho chimene Dafuleni anachidikira moyo wake wonse chinabwera iye ali kuseri kwa khoma. Palibe anamupatsa moni. Wina podutsa anamuloza.

"Tangomutulutsa uyu, chigoli n'kulowa. Ndiye amene amatitsekereza zaka zonsezi."

Anthu atachepa, anatulukira a Sagawa, jezi yawo atavalanso, nkhope ili yolemera ngati ya munthu wochokera kumanda. Pambali pawo mayi wina ankavina, akuwazungulira, akuwakodola ndi chigongono. Anali mayi uja wa duku lachikasu. Kumbuyo kwawo kunali Esinala atanyamula ambulera yopinda.

A Sagawa anaima patsogolo pa Dafuleni.

"Achimwene, awa ndi mayi a kunyumba. Simunawaone tsiku lija, anali kukhitchini."

"Ine ndinakuonani pakatani," anatero mayiwo, akupumira m'mwamba ndi kuvina. "Ndinati, Esinala watola mwamuna, woyambitsa nyimbo wathu uja. Ndiye ndikumva mukuti Njati. Madzi amene ndinkamwa anandilowa pena."

"Chikwatiranireni, iwo ndi a Mavu, ine wa Njati," anatero a Sagawa. "Pabalaza ndi panga, koma mukanalowa kukhitchini mukanaona makapu achikasu. Ligi ikatha sitilankhulana mpaka Lachitatu, kenako moyo umapitirira. Ine ndinakufunsani kunyumba. Ndinakufunsaninso m'phanga muja. Mukanati Mavu, ndikanakunyozani pang'ono n'kukupatsani mkazi."

"Bambo, ndinkaopa."

"Kuopa si mlandu. Koma mwana uyu ndinamulera ndekha, ndipo munthu wovala majezi awiri lero, mawa adzakhala ndi makomo awiri. Ankhoswe anu asavutike Lolemba."

Dafuleni anatembenukira kwa mtsikanayo, madzi akutsikabe m'tsitsi.

"Esinala, tawauza."

"Ndinakuuzani kuti imodzi," anatero Esinala. Anamulanda jezi yobiriwira ija m'manja, anaifinya bwinobwino, anaipinda monga amapindira osoka, n'kutsogola osacheuka.

Dafuleni analira pamenepo, kulira kwenikweni, ndipo pa chimenechi ine sindimuseka, chifukwa iye ankamukonda zoona mtsikana uja. Anangokonda zinthu ziwiri n'kukana kuluza chimodzi.

Mayi a Sagawa anasiya kuvina. Anayang'ana anthu amene ankatuluka m'mageti, kenako mnyamata wonjenjemera uja, matope mpaka m'mawondo, ndipo chisoni chinawagwira.

"Taonani, bambo. Anthu onsewa, opambana ndi oluza omwe, atuluka ouma. Wanyowa ndi mmodzi yekha, amene anali ndi malo konsekonse."

A Sagawa anayang'ana shedi ya kum'mawa, anayang'ana ya kumadzulo, n'kupukusa mutu. Mawu amene anayankha, wogulitsa chimanga wina amene ankabwerera ndi mbaula yake anawamva, anakawanena kumsika, ndipo pofika Lachitatu tauni yonse inali ikuwanena. Tsono iwe wa kapusi, amene chaka chatha unali wofiira ndipo lero wavala zabuluu, magetsi akabwera ukhale pomwe wakhalapo, chifukwa a Sagawa anati:

"Mapanga awiri avumbwitsa."